Mantis shrimp si prawn, ogulitsa tiuzeni zoona

Akonzi,

Ndipatseniko danga ndilankhule ndi anzanga osunga nsomba za m'nyanja ya mchere muno mu Lusaka, tilipo ochepa koma tilipo, komanso ndi amene amatigulitsa miyala ija ya m'nyanja yoika muthanki, amati live rock.

Chaka chatha ndinagula miyala iwiri pashopu ina mtauni muno. Patatha masabata atatu ndinayamba kumva kuti tha! tha! muthanki usiku, ngati wina akugogoda galasi ndi kandalama, kutacha nkhono zanga ziwiri zili zigoba zokhazokha zophwanyika pamchenga. Nditabwerera kushopu mnyamata wake anangoti aah bwana kaprawn ako, katulutseni mukataye. Ine mtima sunalole. Ndinakadikira ndi tochi mpaka kanasuzumira pa una wake, timaso tiwiri totuluka ngati tili pa timitengo, lina likuyang'ana ine lina likuyang'ana kumbali palokha, thupi lobiriwira kutalika ngati chala changa chamkombaphala. Ndi mantis shrimp, ndipo anakatcha choncho chifukwa manja ake amapinda pansi pa chifuwa ngati a chiswamphika.

Tizilomboti tilipo mitundu yoposa 400 koma kwa ife osunga chofunika n'kuona dzanja basi. Ngati pa chigongono pali chotupa cholimba ngati mutu wa chibonga, ndiye kophwanya, kamakhala m'mabowo a miyala ndipo chakudya chake ndi nkhono, nkhanu ndi zina za zigoba. Ngati dzanja lili ndi minga yosongoka ngati chipeso ndiye kobaya, kameneko kamafuna mchenga wakuya kuti kakumbe una ndipo kamagwira nsomba zikamadutsa. Musanaweruze onaninso bwino, chifukwa pali kena kotchedwa pistol shrimp kamenenso kamalira kuti tha, koma iko kali ndi dzanja limodzi lalikulu ndipo maso ake sali pa timitengo. Kanga ndi kophwanya. Mkulu wake wa mawanga okongola uja amati peacock amafika masentimita 18, ndipo nkhonya yake anaiyeza, imathamanga mamita 23 pa sekondi imodzi m'madzi momwemo, ndiye chala chanu musachiyese dala, chimang'ambika.

Pa nkhani ya chakudya ndinalakwitsa ndekha poyamba. Ndinakaponyera kapenta wouma wa ku msika wa Soweto poganiza kuti nsomba ndi nsomba, iko kanamukokera mkati kenako n'kumutulutsa pakhomo, ndipo pofika mawa madzi anali atayamba kununkha. Pano ndimagula maprawn ndi ma mussel (nkhono za zigoba ziwiri) a mufiriji, aawisi, opanda zokometsera, ndimadula kachidutswa kofanana ndi njere ya chimanga n'kubaya pa kamtengo, masiku awiri kapena atatu alionse. Kamodzi pa sabata ndimakapatsa chokhala ndi chigoba chake kuti chibonga chija chizigwira ntchito, ndipo apa m'pamene ana anga amasiya TV n'kudzaunjikana pagalasi. Kamazunguliza kaye chigobacho, kufunafuna pofewa, kenako tha tha tha mpaka kusweka, kakatha kudya kamasesa zotsala zonse kunja kwa una ngati mayi wosamala pakhomo. Zotsalazo chotsani tsiku lomwelo.

Mwezi wina kanatseka pakhomo ndi timiyala, sabata yonse osaoneka osadya, ine nkhawa bii ndimati kafa. Kanali kakufundula. Nthawi imeneyo thupi limakhala lofewa, osasuntha mwala, osakakamiza chakudya, ndipo chigoba chakalecho musachichotse, kamadya komweko.

Chovuta chenicheni kuno ndi madzi ndi malaiti, nyanja tilibe, ya pafupi mpaka Beira kapena Dar es Salaam. Mchere wa kukhitchini sugwira, pamafunika wa marine, wopangidwira nsomba za m'nyanja, pafupifupi magalamu 35 pa lita, ndipo madzi athu a m'mabohole a laimu aja ine sindithira, ndimagula a RO, osefedwa ndi makina ochotsa laimu ndi zina zonse. Kutentha kuzikhala madigiri 24 mpaka 27, ndiye June ndi July hita ndiyofunika, ndipo amene anaona mmene malaiti ankapitira mu 2024 madzi atachepa ku Kariba akudziwa chifukwa chake ndimasunga kapampu ka mpweya ka mabatire. Mankhwala a nsomba okhala ndi kopa asayandikire n'komwe, amapha tizilombo tonse ta zigoba.

Pempho langa kwa ogulitsa ndi lakuti muziuza makasitomala kuti m'miyalamu mumabwera zamoyo, ndipo wina akabwera ndi dandaulo ngati langa musamangoti katayeni. Kachilomboka kachoka kutali, ndipo sikafuna zambiri, kathanki kakekake, mwala wa mabowo kapena kapaipi ka PVC, basi. Kanga ndinakasamutsa ndi mwala wake womwewo, nkhono zatsopano zili bwinobwino muthanki yaikulu, ndipo ngati pali wina muno amene kamuvuta asakataye m'toileti, thanki ina yopanda kanthu ndili nayo.

Wowerenga wanu,
Chilenje, Lusaka