Mayi ankatiwerengera uja mwamusiya kuti?

Inu a kampani yogulitsa mabuku omvera pafoni, ndalemba pano poyera chifukwa ku WhatsApp kwanu mukungowerenga uthenga osayankha. Ino ndi sabata yachitatu.

Ndimakhala ku Lizulu. Buku lanu la nkhani ya mtsikana wamasiye ija ndinagulira mayi anga, omwe maso awo anachita ng'ala. Kale ankawerenga okha, pano ngakhale Baibulo amadikira mdzukulu aweruke kusukulu. Ndinalipira pa Airtel Money, n'kugulanso bandulo yotsitsira, netiweki yake ya kuno kumalire yochita kusakasaka.

Mitu 6 yoyambayo, ayi ndithu, ndalama inagwira ntchito. Mayi ankawerenga uja Chichewa anayamwira. Gogo wa m'nkhanimo akamayankhula ankatsitsa mawu, akafika pamwambi ankayamba wapuma kuti ulowe. Madzulo tikusankha kachewere pakhonde, mayi anga ankavomera "eya!" ngati munthuyo ali nawo pamphasa pomwepo. Mpaka aneba anayamba kubwera atafunda zitenje, poti chisanu cha mu Juni kuno si masewera.

Kungofika mutu 7, mawu asintha. Ndi makina kapena ndi munthu? Tiuzeni zoona. Ng'ombe akuti "ngombe". Ng'oma akuti "ngoma", chonsecho kuno kwa Gomani ngoma ndi gule wa Angoni, wovina ndi zishango. Ndiye tinamva kuti mnyamata wasenza gule pamutu, ana kuseka mpaka misozi. Mtengo wa mango akuutchula ngati mtengo wa feteleza. Khungu la pathupi akulikweza ngati khungu la maso, moti mayi anandifunsa kuti mtsikanayo wasiya liti kuona. Mawu amenewa amalembedwa chimodzimodzi, inde, koma Mchewa aliyense amawasiyanitsa pakamwa.

Chinandiwawa kwenikweni ndi pamaliro paja. Mtsikana akulira mayi ake kumanda, wowerenga wanu ali liwiro ngati kondakitala woitanira minibasi ya ku Lilongwe. Mayi anangoti, "Zimitsa mwanawe, ameneyu sanafedwepo."

Pagulu lathu la omvera, mphunzitsi wina wa ku Tsangano akuti iye alibe nazo kanthu, bola nkhani ikutha msanga. Zake zimenezo, iye maso ali nawo, akhoza kukagula la pepala. Kwathu kuno aneba anasiya kubwera.

Mutu 12 nawonso ukudukira pakati pa chiganizo. Ndautsitsa kawiri, bandulo n'kuthera pomwepo.

Bwezeretsani mayi uja awerenge kuyambira mutu 7. Ngati munasemphana naye pa za malipiro, kambiranani, ife tidikira. Zikakanika, ndibwezereni ndalama yanga panambala yomwe ndinalipirira ija. Ndipo mundiyankhe pompano, chifukwa mayi akundifunsa tsiku ndi tsiku ngati mtsikana uja anawalanda munda amalume ake, ine ndilibe chowauza.