Lipoti la msonkhano: kuwerenga zomwe firmware yauza Linux

A Wapampando ndi mamembala nonse,

Munatituma anthu awiri ku msonkhano wa akatswiri a Linux ndi funso limodzi: kodi kompyuta imadziwa bwanji zipangizo zomwe zili pa bolodi lake, nanga ife okonza makina tingaziwerenge kuti? Nazi zomwe tabwera nazo.

Zipangizo zina zimadzitchula zokha. Mukalowetsa USB kapena kadi ya PCI, kernel (mtima wa Linux womwe umayendetsa zipangizo) imafunsa, chipangizocho n'kuyankha ndi manambala ake. Koma zomwe zili pa I2C, pa SPI (njira za mawaya zolumikizira tizipangizo pa bolodi) kapena mkati mwa chipu sizidziulula. Pamafunika wina woiuza kernel kuti pa adiresi yakutiyakuti pali chakuti, ndipo ntchitoyi ndi ya firmware, pulogalamu yoyamba kugwira ntchito makina akayatsidwa. Mabolodi a ARM monga Raspberry Pi amagwiritsa ntchito device tree (ndandanda wa zipangizo wokhala ndi nthambi ngati mtengo), njira yomwe inachokera ku Open Firmware ya makina a SPARC ndi PowerPC. Malaputopu a Intel ndi AMD amadalira ACPI ndi SMBIOS, matebulo omwe firmware imalembamo za zipangizo ndi za makinawo.

Nthawi yaikulu inathera pa device tree, ndipo m'pake. Imalembedwa m'fayilo ya .dts, pulogalamu ya dtc n'kuisandutsa .dtb, kenaka bootloader, pulogalamu yoyambitsa kernel, imaipereka kwa kernel poyatsa. Kernel imaiyala pa /sys/firmware/devicetree/base, ndipo /proc/device-tree ndi njira yachidule yofikira pomwepo. Chipangizo chilichonse chili ndi foda yake, mfundo iliyonse ya chipangizocho ndi fayilo.

Apa ndi pomwe ambirife timapunthwa. Mafayilowa si malemba wamba. Mawu amathera ndi baiti ya ziro yosaoneka, choncho fayilo ya compatible, yomwe imakhala ndi maina angapo, imatuluka yonse yomatana mukaiwerenga ndi cat. Lembani tr '\0' '\n' < /proc/device-tree/compatible kuti dzina lililonse likhale pa mzere wake. Manambala nawo amasungidwa m'timagulu ta mabaiti anayi, baiti yaikulu poyamba, ndiye cat imangoonetsa zinyalala. Werengani ndi hexdump -C. Kuti mudziwe timagulu tingati ta mu fayilo ya reg tili adiresi ndipo tingati tili kukula, onani #address-cells ndi #size-cells mu foda ya kholo lake (foda yomwe ili pamwamba pake), osati ya chipangizocho. Wofuna kuona device tree yonse m'malemba omveka alembe dtc -I fs -O dts /proc/device-tree.

Chinthu chomwe tikufuna aliyense achigwire ndi ichi: musamawerenge .dtb ya pa memori kadi n'kuyesa kuti ndi imene ikugwira ntchito. Firmware ya Raspberry Pi imaisintha poyatsa: imaikamo kukula kwa RAM, nambala ya bolodi, ndi ma overlay (zowonjezera pa device tree) omwe mwatchula mu config.txt. Yoona ndi ya mu /proc/device-tree.

Chitsanzo chomwe tinayeserera chikutikhudza kwambiri. Raspberry Pi 4 ilibe wotchi yosunga nthawi, ndiye kumalo kopanda intaneti magetsi akazima, tsiku limasokonekera. Mankhwala ake ndi kawotchi kolumikiza pa I2C kotchedwa DS3231. Mu /boot/firmware/config.txt, kapena /boot/config.txt pa makina akale, lembani dtparam=i2c_arm=on ndi dtoverlay=i2c-rtc,ds3231, n'kuyatsanso. Mu device tree mudzatuluka foda yothera ndi @68, ndipo reg yake idzaonetsa 00 00 00 68.

Koma kuoneka kwa foda imeneyo sikutanthauza kuti wotchi ilipo. Ngakhale mutazula mawaya onse, fodayo idzaonekabe, pakuti firmware ikungobwereza zomwe mwaiuza. Umboni uli kwina. Lowani mu /sys/bus/i2c/devices/1-0068: of_node imaloza ku device tree, pamene driver imaoneka pokhapokha rtc-ds1307, pulogalamu yoyendetsa wotchiyi, yalankhula ndi chipu n'kuyankhidwa. Lamulo la i2cdetect -y 1 likaonetsa UU pa 68, driver yagwira. Likaonetsa 68, chipu chilipo koma driver sinachitenge, ndiye fufuzani overlay. Likaonetsa timizere tiwiri, vuto ndi mawaya: SDA ndi SCL (mawaya awiri a I2C) zasinthana kapena magetsi sakufika. Zonse zikakhala bwino, hwclock -r iwerenga nthawi kuchokera ku /dev/rtc0. Musaiwalenso fayilo ya status: chipangizo cholembedwa disabled kernel imachidumpha osadandaula chilichonse.

Za ACPI tinadutsamo mwachangu. Matebulo ali mu /sys/firmware/acpi/tables, amawerengedwa ndi root (akaunti yolamulira makina) yekha, ndipo tebulo lalikulu la DSDT muyenera kulikopera kaye n'kulimasulira ndi iasl -d. Pa ntchito yathu ya tsiku ndi tsiku /sys/bus/acpi/devices ikukwanira. Mwachitsanzo batire imadziwika ndi PNP0C0A.

SMBIOS ndiyo itithandize pa kaundula wa makompyuta omwe timalandira. Mu /sys/class/dmi/id aliyense angathe kuwerenga sys_vendor, product_name ndi bios_version. Koma product_serial, board_serial ndi product_uuid n'zotsekeredwa root dala, chifukwa ndi zizindikiro zolondolera makina enieniwo. Ndiye script ikakanidwa pamenepo, kompyuta sinawonongeke ayi. Ndipo tisamatumize manambalawa m'magulu a WhatsApp popempha thandizo. Mabolodi otchipa ena amangoonetsa To Be Filled By O.E.M. kapena Default string chifukwa wopanga sanalembemo kanthu. Zikatero kaundula adalire chomata cha pa bokosi. Lamulo la dmidecode -t memory limatchula mipata ya RAM ndi zomwe zilimo, koma nalonso likungonena zomwe BIOS yalemba, choncho musanagule RAM tsegulani muone ndi maso.

Tikupempha zinthu ziwiri pa msonkhano wathu ukubwerawu. Gulu livomereze kuti pa makina aliwonse omwe tikuika tizisunga fayilo ya device tree yotulutsidwa ndi dtc, kapena zotuluka mu dmidecode, kuti tikhale ndi poyerekezera akadzavuta. Komanso tipatsidwe ola limodzi, Raspberry Pi imodzi ndi DS3231 imodzi, kuti aliyense ayese yekha kuzula waya wa SDA n'kuona kusiyana kwa of_node ndi driver.

Ndife nthumwi zanu ziwiri.