Dzina la Marconi linafala chifukwa cha malonda

Akonzi,

Ndiloleni ndithirepo ndemanga kudzera m'nyuzipepala yanu pa funso limene limabwera kawirikawiri pa mipikisano ya mafunso ya ana a sukulu, komanso pa 13 Febuluwale pamene dziko lonse limakumbukira tsiku la wailesi. Funsolo limati, “Kodi anatulukira wailesi ndani?” ndipo yankho limene amalivomera limakhala limodzi lokha, lakuti Guglielmo Marconi. Sindikutsutsa kuti mkuluyu, amene anabadwira mumzinda wa Bologna ku Italy m'chaka cha 1874, anagwira ntchito yotamandika. Koma kufala kwa dzina lake kunadalira kwambiri malonda, ndipo umboni wake uli m'mawu angapo a Chingerezi amene anachokera ku dzinalo.

Marconi anayamba kuyesa zotumiza uthenga popanda waya pamunda wa bambo ake ku Pontecchio m'chaka cha 1895, ndipo chaka chotsatira anapita ku England, kumene achibale a mayi ake, a banja la Jameson lofulula mowa ku Ireland, anamuthandiza kupeza anthu a ndalama. Kampani yake inakhazikitsidwa mu 1897, ndipo mu 1900 inasinthidwa dzina n'kukhala Marconi's Wireless Telegraph Company. Apa ndi pamene pagona nkhani. Kwa eni sitima za pamadzi, kampaniyi sinkagulitsa makina ake ayi, koma inkabwereketsa makinawo pamodzi ndi mnyamata wowayendetsa, amene ankalandira malipiro ake ku kampani ya Marconi. Choncho munthu wokwera sitima yowoloka nyanja ya Atlantic akafuna kudziwitsa abale ake tsiku lofika, ankalemba mawu ake pa fomu yokhala ndi dzina la Marconi pamwamba, fomuyo inkapita m'kachipinda kamene aliyense ankakatchula kuti Marconi room, ndipo uthengawo ukafika unkatchedwa Marconigram, mawu opangidwa polumikiza dzina la munthuyu ndi mathero a mawu akuti telegram. Ife tomwe tikudziwa mmene izi zimachitikira, popeza munthu akapita ku golosale amati akufuna kolgeti ngakhale mankhwala otsukira manowo atakhala a kampani ina.

Kampaniyi inali ndi lamulo lina louma mtima, lakuti anyamata ake asamalandire uthenga wochokera ku sitima zogwiritsa ntchito makina a makampani ena, kupatula pa nthawi ya ngozi. Mwini sitima wofuna kulankhulana ndi malo ambiri a m'mbali mwa nyanja ankakakamizika kulowa kwa Marconi. Dziko la Germany linakwiya nazo, ndipo msonkhano wa mayiko umene unachitikira ku Berlin mu 1906 unagwirizana kuti malo a kumtunda azilandira uthenga wa sitima mosayang'ana mtundu wa makina. Msonkhano womwewo ndi umene unavomereza chizindikiro chopemphera thandizo pa ngozi cha SOS, pamene anyamata a Marconi anali atazolowera chawo cha CQD.

Nyuzipepala nazo zinathandiza kwambiri. Mu Julayi 1910, Dr Crippen, amene apolisi a ku London ankamusaka pa mlandu wopha mkazi wake, anakwera sitima ya Montrose yopita ku Canada atameta ndevu za pamlomo, chibwenzi chake chitavala ngati mnyamata. Kaputeni Henry Kendall anawazindikira, natumiza uthenga ku England popanda iwo kudziwa, ndipo wapolisi anakwera sitima yothamanga kwambiri n'kukawachingamira tsidya linalo. Anthu a ku Ulaya ndi ku America ankawerenga za ulendowo tsiku ndi tsiku, mwini nkhaniyo ali phee pa sitima, kuganiza kuti wapulumuka. Patapita zaka ziwiri, mu Epulo 1912, sitima ya Titanic inamira, ndipo anthu pafupifupi 700 amene anapulumuka anatoledwa ndi sitima ya Carpathia chifukwa cha uthenga umene Jack Phillips ndi Harold Bride anatumiza ali mu Titanic. Anyamata awiriwa anali antchito a kampani ya Marconi, osati a eni sitimayo, ndipo Phillips anafera pa ngoziyo.

Nkhani imene imandichititsa chidwi kwambiri ndi ya matanga a ngalawa, chifukwa m'menemu Marconi analibe dzanja n'komwe. Kuti uthenga uwoloke nyanja, pankafunika milongoti yaitali kwambiri. Ku Poldhu m'chigawo cha Cornwall ku England, kampaniyi inazika milongoti 20 mozungulira, uliwonse wotalika pafupifupi mamita 60, yonse yomangidwa ndi nsambo zachitsulo zoikoka kuti isagwe, komabe chimphepo cha mu Seputembala 1901 chinaigwetsa. Anamanga ina yosavuta, ndipo pa 12 Disembala chaka chomwecho Marconi, ali pa Signal Hill ku Newfoundland, chilumba chimene lero chili mbali ya Canada, ndi waya woulutsidwa m'mwamba pa kaiti, analengeza kuti wamva timadontho titatu toimira chilembo cha S m'zizindikiro zotumizira uthenga kuchokera tsidya la nyanja, mtunda wa makilomita oposa 3,000. Kuyambira pamenepo, mlongoti wautali wokokedwa ndi nsambo mbali zonse unakhala chizindikiro cha Marconi m'maso mwa anthu.

Nthawi imeneyo, ngalawa zambiri za mpikisano ku England zinkagwiritsa ntchito thanga la ngodya zinayi, lopachikidwa pa mtengo wopingasa kumtunda kwa mlongoti waufupi. Akatswiri opanga ngalawa atayamba kutalikitsa milongoti kuti thanga likwere m'mwamba, monga anachitira Charles Nicholson pa ngalawa ya Istria mu 1912, milongotiyo inafunika nsambo zambiri zoichirikiza, ndipo amalinyero poiona anaitcha Marconi mast. Pamene thanga la ngodya zitatu lokwera mpaka pansonga pa mlongoti linafala m'zaka za m'ma 1920, dzinalo linapita nalo limodzi, ndipo mpaka lero, makamaka ku America, anthu amati Marconi rig. Chodandaulitsa n'chakuti kamangidwe ka thanga kameneka kanayambira pa zilumba za Bermuda m'zaka za m'ma 1600, kumene amalinyero ankafuna ngalawa zotha kuyenda moyang'anizana ndi mphepo, ndipo dzina lake lenileni ndi Bermuda rig. Luso la anthu a pa zilumbazo linavekedwa dzina la munthu amene anabadwa patapita zaka zoposa 200, pa chifukwa cha maonekedwe a nsambo basi. Ngakhale Elettra, ngalawa yake yotchuka imene ankayeseramo makina ake, inkayendera nthunzi.

Pa wailesi, gawo la Marconi ndi lenileni, koma nalonso lili ndi malire. Heinrich Hertz wa ku Germany anali atasonyeza kale, cha m'ma 1887, kuti mafunde osaoneka amene amanyamula uthenga wa wailesi alipo. Édouard Branly wa ku France ndi Oliver Lodge wa ku England ndi amene anakonza kachipangizo kolandirira mafundewo kamene Marconi anayambira, Jagadish Chandra Bose ankayesa zofananazo ku Calcutta, ndipo ku Russia amakumbukira Alexander Popov pa 7 Meyi chaka chilichonse. Mphoto ya Nobel ya 1909 Marconi anagawana ndi Karl Ferdinand Braun, ndipo mu 1943, iye atamwalira kale mu 1937, khothi lalikulu la ku America linathetsa mbali zikuluzikulu za chiphaso chake china cha umwini, ponena kuti Lodge, Nikola Tesla ndi John Stone Stone anamutsogolera. Luso lake lalikulu linali lolumikiza zidutswa zimene ena anatulukira, kuzitalikitsira mtunda, ndi kupeza ogula. Ulamuliro wa kampani yake utachepa, mawu akuti Marconigram anazimirira, n'kutsala akuti wireless, amene ife tinawatenga kukhala wailesi, ndi akuti radio.

Pempho langa kwa aphunzitsi ndi okonza mipikisano ya mafunso n'lakuti asinthe kafunsidwe kake. Afunse kuti, “Ndani anayambitsa kampani imene inafalitsa uthenga wopanda waya pa nyanja?” ndipo mwana woyankha kuti Marconi akhale wakhoza. Koma ngati funso likhalabe lakuti anatulukira wailesi ndani, mwana wotchula Hertz, Lodge, Popov kapena Bose asamulande malikisi.

Mphunzitsi wopuma pa ntchito,
Zomba