Hatchi ikamatsimphina tisamangoti yakalamba

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandauleko za mahatchi okalamba, chifukwa pali mawu amene amandiwawa kwabasi ndikawamva kwa oweta, akuti "yakalamba basi, isiyeni". Hatchi ikuyenda monyang'ama, ikukana kutembenuka pamalo olimba, ikaima miyendo yakutsogolo yaiponya uko thupi lonse latsamira m'mbuyo, munthu n'kumati ndi ukalamba? Ayi abale, kawirikawiri amenewo ndi matenda a m'ziboda otchedwa laminitis ndipo nyamayo ikumva ululu woopsa.

Mkati mwa chiboda muli fupa, ndipo limamatiridwa ku chibodacho ndi timinofu topyapyala. Timinofuti tikatupa n'kufooka fupa lija limapendekeka, nsonga yake kuloza pansi, zikafika poipitsitsa limaboola n'kutulukira kunsi. Si matenda a masewera. Secretariat, hatchi yotchuka ya mipikisano ku America, inali ndi madokotala onse koma mu 1989 anachita kuipha ndi jakisoni ili ndi zaka 19 chifukwa cha matenda omwewa.

Chomwe ndikufuna anzanga amvetse n'choti pa hatchi yokalamba vutoli limaonekera ku ziboda koma gwero lake nthawi zambiri lili m'magazi. Pali matenda otchedwa Cushing's, ena amati PPID, amagwira pafupifupi hatchi imodzi mwa zisanu zilizonse zopitirira zaka 15, ndiye ukaona ubweya watalika mpaka kupotana osathothoka nyengo yake, msana waphwa, ikumwa madzi ambiri n'kumakodza pafupipafupi, usachedwe itana dokotala wa ziweto atenge magazi ayeze mahomoni otchedwa ACTH komanso insulin (imene imayang'anira shuga m'magazi), poti insulin ikakwera ndi imene imawononga timinofu tija. Mankhwala ake alipo, pergolide, imamwa tsiku lililonse moyo wake wonse. Kumangosema ziboda osayezetsa magazi ndi kukolopa m'nyumba denga likudonthabe.

Ndiye pali nkhani ya chakudya, apa ndi pamene chikondi chathu chimapweteketsa. Msipu wanthete wobiriwira bwino uja uli ndi shuga wambiri, chimodzimodzi zakudya za mbewu ndi zotsekemera zomwe timaipatsa pomvera chisoni kuti yakalamba idyeko zabwino. Hatchi yodwala ichotsedwe kumsipu, izidya udzu wouma, ndipo udzuwo uviikidwe m'madzi pafupifupi ola limodzi kuti shuga wina asungunuke, madziwo kutaya. Koma chonde osaimana chakudya poti ichepe thupi msanga! Kusala kwadzidzidzi kumadzaza mafuta m'magazi, makamaka kwa timahatchi tating'ono ndi abulu, ndipo kumapha.

China chimene sindigwirizana nacho ndi kuikakamiza kuyenda akuti magazi ayende. Timinofu tatupa kale inu mukuikoka ndi chingwe, mukungothandizira fupa kusuntha. Ikhale m'khola, pansi pathiridwe mchenga kapena utuchi wochindikala, ikafuna kugona igone. Kuziziritsa miyendo m'madzi a ayisi kumathandiza matenda akamayamba kumene. Mankhwala ochepetsa ululu monga bute apereke ndi dokotala, chifukwa akachuluka amabweretsa zilonda za m'mimba ndi kuwononga impso, komanso ululu ukatsika hatchi imaoneka ngati yachira pamene mkatimo simunapole, ndiye ena amathamangira kuikwera.

Wosema ziboda abwere masabata 4 mpaka 6 alionse osadumphitsa, ndipo ngati n'kotheka aone kaye X-ray adziwe momwe fupa lakhalira asanadule. Chiboda chimakula pang'onopang'ono, osapitirira sentimita imodzi pamwezi, moti kuti chonse chikhale chatsopano pamapita pafupifupi chaka. Chakacho n'chopirira, mafinya amatha kusonkhana m'chiboda hatchi n'kutsimphina mwadzidzidzi ngati yathyoka, pena pansi pake pamaola n'kumanunkha ikamaima pamatope ndi ndowe. Zimenezi zimachizika bola kuziona msanga.

Ndipo kuona msanga sikulira ndalama. M'mawa uliwonse nyamulani mwendo, chotsani zinyalala, gwirani chiboda mumve ngati chatentha, kenako ikani zala kumbuyo kwa mfundo ya pamwamba pake, mtsempha ukamagunda mwamphamvu pali vuto. Onaninso mizere yozungulira chiboda, ikamatalikirana chakuchidendene ndiye kuti matendawa akhala akubwerabwera inu osadziwa.

Pali nthawi ina yowawa, fupa latsika kwambiri, mankhwala sakugwiranso, hatchi ikungokhalira kugona mpaka zilonda m'thupi. Pamenepo ndikupempha mwini wake akhale pansi ndi dokotala akambirane zoipumitsa, osaisunga ikuvutika chifukwa choti ifeyo mtima sukulola.

Ine wowerenga wanu,
Wokonda mahatchi