Munthu wosawerenga asatiweruzire masamu

A Mkonzi,

Ndalemba chifukwa cha ndemanga ija munasindikiza sabata yatha, imene mlembi wanu wa Loweruka anandandalikamo kafukufuku amene iwo akuti ndi womwaza ndalama chabe. Pamwamba penipeni pa mndandandawo anaikapo ntchito ya wophunzira wina wa digiri ya PhD, yokhudza maopareta a pa function space. Anaiseka, anafunsa kuti ndi wodwala uti amene angachire nayo, kenako mopanda manyazi anaulula okha kuti anangowerenga mzere woyamba n'kusiya, chifukwa mawu ake anali ovuta.

Apa ndiye pandiwawa. Sanawerenge. Munthu wapatsidwa theka la tsamba m'nyuzipepala yolemekezeka, wagamula mlandu wa ntchito imene mnzake waitayira zaka, ndipo umboni wake wonse ndi wakuti iye sanaimve. Akanakhala mtolankhani wa zamasewera n'kulemba kuti timu yakuti yasewera moipa, ngakhale kuti mpirawo sanauonere, mukanasindikiza? Akanakhala wa kukhoti n'kunena kuti chigamulo n'cholakwika koma sanachiwerenge poti n'chachitali, bwenzi pano akufuna ntchito ina. Koma poti ndi masamu, kusadziwa kwasanduka chinthu chodzitama nacho, ndipo inu mwakuikira mutu wa zilembo zikuluzikulu.

Ine ndimaphunzitsa masamu, ndiye mundilole ndichite zimene akuluwa analephera kuchita. Function ndi lamulo lopereka nambala pamalo alionse kapena panthawi iliyonse: kutentha kwa chitsulo kuyambira nsonga ino kukafika inayo, kukwera ndi kutsika kwa mawu munthu akamalankhula pafoni, kuwala kwa kadontho kalikonse pachithunzi. Akatswiri anazindikira kuti akhoza kusonkhanitsa ma function onse a mtundu umodzi, n'kumayeza kuti awiri mwa iwo atalikirana bwanji. Malo osonkhanitsirawo ndiye function space. Opareta ndi chochita chimene chimalandira function imodzi n'kutulutsa ina. Basi. Ndipo funso limene wophunzira ananyozedwayo akulimbana nalo, monga anzake ambiri, ndi ili: ukasintha pang'ono chimene walowetsa, chotulukacho chisintha pang'ono, kapena chilumpha mopanda malire?

Likuoneka ngati funso la anthu osowa chochita, koma taonani. Tengani funde lija ana amajambula ku sekondale, sin(nx). Kaya n ndi 10, kaya ndi 1,000, fundelo silikwera kupitirira 1. Liloweretseni mu opareta yoyeza kutsetsereka kwa mzere, ija timati differentiation. Chotuluka ndi n cos(nx), chimene chimakwera mpaka n. Ndiye kuti kafunde kakang'ono kosaoneka ndi maso komwe, malinga kakugwedezeka mofulumira, kamatuluka kwinaku kali phiri. Muyeso uliwonse wa makina umakhala ndi tizolakwika totere. Wosadziwa kuti opareta yake imakulitsa tizolakwikato adzatenga phokoso la makina n'kuliyesa chotupa m'mutu mwa munthu.

Ndatchula chotupa dala, poti akuluwa anafunsa za wodwala. M'chaka cha 1917, Johann Radon wa ku Austria analemba pepala lofunsa kuti: ngati ukudziwa chiwonkhetso cha function pamzere wowongoka uliwonse wodutsa pamalo ena, kodi ungaibwezeretse function yonseyo? Anaonetsa kuti n'zotheka, n'kupereka njira yake. Panalibe wodwala, panalibe makina, panalibe kampani yodikira zotsatira. Pepalalo linakhala phee zaka zambirimbiri, moti Allan Cormack atafika pafunso lomweli mu 1963 ndi 1964, pofuna kuona m'kati mwa thupi ndi X-ray, sankadziwa n'komwe kuti Radon analiyankha kale. Godfrey Hounsfield anapanga makina a CT, ndipo wodwala woyamba anajambulidwa ku London mu 1971. Awiriwa analandira mphoto ya Nobel ya zamankhwala mu 1979. Makinawo sajambula m'kati mwa thupi monga ichitira kamera. Amawombera X-ray kuchokera mbali zambiri, n'kuyeza kuti yachepa mphamvu bwanji pamzere uliwonse, kenako kompyuta imatembenuza opareta ya Radon kuti chithunzi chituluke. Kutembenuzako kumakulitsa phokoso, ngati mmene ndasonyezera pamwambapa, n'chifukwa chake pamafunika kusefa mwanzeru. Kuchokera mu 1917 kufika mu 1971 ndi zaka 54. Mlembi wanu akanakhalapo nthawi imeneyo, Radon akanakhala woyamba pamndandanda.

Nanga David Hilbert? Pakati pa 1904 ndi 1910, ku Göttingen, ankalemba za ma integral equation, mafunso amene function yosadziwika imabisala m'kati mwa chiwonkhetso, kutsatira ntchito ya Ivar Fredholm wa ku Sweden, ndipo anafufuza gulu la manambala apadera a opareta limene analitcha spectrum. Ankachita izi chifukwa cha masamu okha. Mu 1925 Werner Heisenberg anatulukira njira yake yofotokozera atomu, mu 1926 Erwin Schrödinger anatulukira ina yooneka yosiyana kotheratu, ndipo John von Neumann, m'buku lake la mu 1932, anayala maziko oonetsa kuti zonsezo ndi nkhani ya maopareta a pa Hilbert space, malo a mtundu wa function space ija otchedwa dzina la Hilbert. Milingo ya mphamvu ya atomu inapezeka kuti ndi spectrum ya opareta. Sayansi imeneyo ndi imene inatsegula njira ya ma transistor, tizipangizo ting'onoting'ono toyendetsa magetsi, ndipo ma transistor ndi amene ali m'kompyuta imene akuluwa analembera chipongwe chawocho.

Ndisaiwale chithunzi chawo chija mumaika pamwamba pa ndemanga, atagwira chibwano ngati munthu woganiza kwambiri. Chikafika pafoni yanga chimakhala cha JPEG. Kompyuta imadula chithunzicho m'timagawo ta madontho 8 m'litali ndi 8 m'lifupi, n'kulowetsa manambala 64 a kagawo kalikonse mu opareta yotchedwa discrete cosine transform, imene Nasir Ahmed ndi anzake anafalitsa mu 1974. Opareta imeneyi imalekanitsa kusintha kwa pang'onopang'ono ndi kusintha kofulumira, ndipo zofulumira zimene diso silisamala nazo zimatayidwa kuti chithunzi chipepuke. Gwero lake ndi ganizo la Joseph Fourier, amene mu 1807 ankafufuza mmene kutentha kumayendera m'zinthu zolimba. Choncho nkhope yomwe ikutinyozayo yadutsa m'manja mwa opareta isanatifike. Safunsa anadya phula.

Wina anena kuti ndasankha zitsanzo zokoma zokhazokha. Zoona, mapepala ambiri a masamu sadzafika m'chipatala kapena m'foni. Vuto n'lakuti palibe amene angaloze lero kuti ili lidzafika, ili ayi. Radon yemwe sakanatha. Komanso mafunso a m'gawoli amatenga nthawi imene anthu a mndandanda sangaipirire. Nikolai Luzin anaganiza kuti function iliyonse ya m'gulu lina lalikulu lotchedwa L2 ikaphwanyidwa kukhala mafunde a Fourier, mafunde onga sin(nx) uja, mafundewo akawonkhetsedwanso amabwerera pa function yomweyo pafupifupi paliponse. Panadutsa zaka zoposa 50 Lennart Carleson asanatsimikize zimenezi mu 1966. Richard Kadison ndi Isadore Singer anafunsa funso lawo la maopareta mu 1959, ndipo yankho linabwera mu 2013 kuchokera kwa Adam Marcus, Daniel Spielman ndi Nikhil Srivastava, anthu amene anafikako akuthamangitsa funso lina, la ma graph (madontho olumikizidwa ndi mizere), logwirizana ndi sayansi ya makompyuta. Ndani akanalemba zimenezo m'fomu yopemphera ndalama?

Za ndalama zomwazikazo ndiye zimandiseketsa. Wofufuza wa gawoli safuna nyumba ya makina kapena mankhwala okwera mtengo. Amafuna pepala, choko, laibulale ndi nthawi. Stefan Banach, amene buku lake la mu 1932 linakhala maziko a phunziro lonseli, ankakumana ndi anzake m'nyumba yomwera khofi mumzinda wa Lwów, umene lero ndi Lviv ku Ukraine, n'kumalemba mafunso m'kope limodzi, ena n'kulonjeza kamphoto kwa wodzayankha. Mu 1936 Stanisław Mazur analembamo funso la nambala 153, n'kulonjeza tsekwe wamoyo. Per Enflo wa ku Sweden analiyankha mu 1972, ndipo anakalandiradi tsekwe wake ku Warsaw. Tsekwe mmodzi, patatha zaka 36. Mlembi wanu atiuze ngati ndemanga yawo imodzi imalipidwa zochepera pamenepo.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti akuluwa sali okha. Mabungwe opereka ndalama za kafukufuku masiku ano amafuna kuti munthu alembe phindu limene ntchito yake idzabweretse m'zaka ziwiri kapena zitatu. Ndiye wofufuza woona mtima amakakamizika kukometsera, kulonjeza zimene iye mwini akudziwa kuti sangalonjeze, ndipo wokana kunama amatsala. Masukulu aukachenjede nawonso amawerenga kuchuluka kwa mapepala m'malo mowerenga mapepalawo, moti wachinyamata amaopa kugwira funso lalikulu loti lingamudyere zaka zisanu osatulutsa kanthu. Kenako manyuzipepala, amene akanathandiza kufotokozera anthu, nkhani ya sayansi amaipereka kwa aliyense amene wapezeka alibe chochita tsiku limenelo. Pa nkhani za chuma mumafunsa katswiri wa chuma. Pa matenda mumaimbira dokotala. Pa masamu mumafunsa munthu amene amanyadira kuti anawathawa ali mwana.

Nawo akatswiri a masamu ndisawasiye, ali ndi gawo lawo. Ambiri amalemba ngati akulembera anthu asanu okha padziko lonse, ndipo ukawapempha kuti afotokoze m'mawu wamba amachita ngati wawatukwana. Koma wolemba movuta timamupempha kuti afotokoze bwino. Sitimuika patsamba la nyuzipepala kuti anthu amuseke.

Ndipo taganizirani wophunzira uja. Mwina ali m'chaka chachitatu, mwina wakhala miyezi akulimbana ndi inequality imodzi, chiganizo cha masamu chonena kuti ichi sichiposa icho, yokana kutsimikizika, usiku ndi usana. Watsegula nyuzipepala yanu n'kupeza ntchito yake ili chitsanzo cha uchitsiru, makolo ake ndi anzake akuwerenga. M'kalasi mwanga muli ana aluso amene anaiwerenganso ndemangayo, ndipo mmodzi wandifunsa kale ngati kupitiriza masamu si kutaya moyo. Ndimuyankhe kuti chiyani, pamene nyuzipepala yomwe amaikhulupirira yamuyankha kale?

Pempho langa ndi lalifupi. Mupatseni wophunzirayo, kapena womuyang'anira, malo ofanana ndi amene munapereka kwa womunyozayo, patsamba lomwelo, kuti afotokoze yekha zimene akufufuza. Kuyambira pano, nkhani iliyonse yoweruza kafukufuku izidutsa kaye kwa munthu mmodzi wa gawo limenelo isanasindikizidwe. Foni imodzi yokha ikwanira. Ndipo mlembi wanuyo muwauze kuti akawerenge pepala lija mpaka kumapeto, akakanika afunse, kenako alembenso.

Ndine wowerenga wanu wokhumudwa,
Mphunzitsi wa masamu