Chilengezo: Mapemphero ku Phiri la Bunda Loweruka

Amayi a Chigwirizano a dera lathu la Kawale,

Loweruka likubwerali tikupita kukapemphera ku phiri la Bunda. Tikumane kutchalitchi 6 koloko m'mawa. Minibasi idzanyamuka 6:30 ndipo sidzadikira munthu.

Ulendo uno mlaliki palibe. Aliyense akapeza pake pathanthwe n'kukhala yekha ndi Mulungu wake kwa ola limodzi, kenaka tikasonkhana kuti ofuna afotokoze mmene akuyendera ndi Ambuye. Umboni si wa machiritso okha ayi. Ngakhale amene pemphero likukuvutani masiku ano, bwerani mudzanene, tikakugwirani dzanja. Werenganitu Yohane 15, pamene Yesu akutcha ophunzira ake abwenzi.

Tengani Baibulo, buku la nyimbo, chitenje choyala pansi, madzi akumwa ndi kamba wanu. Yunifomu isiyeni kunyumba, ndipo valani nsapato zosaterera chifukwa njira yake ndi yokwera.

Thiransipoti ndi K6,000 munthu mmodzi. Perekani kwa amayi msungichuma pamanja kapena pa Airtel Money pofika Lachinayi. Mukhoza kubwera ndi mnzanu yemwe sapemphera nafe, koma mumulipirire.

Yankhani pofika Lachitatu madzulo kuti mupita kapena ayi, ndipo mutchule ngati mubwera ndi mlendo.

Mlembi