Tisanakhulupirire manambala a mafilimu, tifunse kuti anawerenga chiyani

A Mkonzi,

Ndawerenga kawiri konse nkhani imene munalemba posachedwa yonena za kumene bizinesi ya mafilimu ikulowera, ija ya matchati ndi mndandanda wa mafilimu opanga ndalama zambiri. Ndathokoza, chifukwa nkhani zotere zimasowa. Koma pali mfundo imodzi imene yandikhala pakhosi. Wolembayo anati manambala atsimikiza kuti anthu masiku ano amangofuna mafilimu a anthu amphamvu zodabwitsa ndi magawo achiwiri, achitatu, a nkhani zakale. Ine ntchito yanga ndi yowerengera ndalama, ndipo mafilimu ndinayamba kuwakonda ndili mwana. Munthu akandiuza kuti manambala atsimikiza, ndimayamba ndafunsa kuti chinawerengedwa n'chiyani, nanga anawerengayo ndani.

Tchati chanu choyamba chinasonyeza ndalama zolowa m'nyumba zoonetsera mafilimu ku America ndi Canada zikukwera chaka ndi chaka mpaka mliri wa Covid-19 utafika. N'zoona kuti mu 2002 zinali madola pafupifupi 9 biliyoni, ndipo mu 2019 zinapitirira 11 biliyoni. Madzulo amenewo ndinatenga pepala ndi cholembera n'kugawa ndalamazo ndi mtengo wa tikiti. Mu 2002 tikiti imodzi inali pa madola 5.81 tikatengera pakatikati, mu 2019 inali pa 9.16. Yankho linatuluka loti mu 2002 anagulitsa matikiti oposa 1.5 biliyoni, pamene mu 2019 anagulitsa pafupifupi 1.2 biliyoni. Matikiti oposa 300 miliyoni anasowa, chonsecho chiwerengero cha anthu m'maiko awiriwa chinali chikukula. Mzere umene wolemba wanu anauona ukukwera unali wa mtengo. Mipando m'maholo inali ikutsala yopanda anthu kale, mliri usanabwere. Mliriwo unangogwetsa nyumba yomwe inali itayamba kale kung'ambika, pamene ndalama za matikiti padziko lonse lapansi zinatsika kuchoka pa madola pafupifupi 42 biliyoni mu 2019 kufika pa 12 biliyoni mu 2020.

Vuto lomweli lili pamndandanda wa mafilimu aakulu kuposa onse. Avatar ya mu 2009 ili pamwamba ndi madola pafupifupi 2.9 biliyoni, Avengers: Endgame ya mu 2019 ikutsatira. Koma dola ya lero si dola ya kale. Mukawerengera kuchepa mphamvu kwa ndalama, Gone with the Wind ya mu 1939 imabwerera pamwamba. Ndipo kuwerenga m'madola kumachepetsa maiko amene tikiti ndi yotchipa. India amapanga mafilimu ambiri kuposa Hollywood, amagulitsanso matikiti ambiri kuposa America, koma pa tchati cha madola amaoneka wamng'ono. Nigeria ndiye anasoweratu m'nkhani yanu. Lipoti la UNESCO la mu 2009 linaika dzikoli pa nambala 2 pa kuchuluka kwa mafilimu opangidwa, kutsogolo kwa America. Mafilimu a ku Nigeria, otchedwa Nollywood, kuyambira nthawi ya Living in Bondage mu 1992, ankagulitsidwa pa makaseti ndi madisiki, anthu n'kumaonera kunyumba. Palibe amene anadula tikiti, ndiye mamiliyoni a oonerawo sanalowe m'buku lililonse.

Wolemba wanu anatchanso ndalama zamatikiti kuti phindu. Ayi. Pafupifupi theka la ndalamazo limatsala kwa eni nyumba zoonetsera. Ku China kampani yakunja imalandira pafupifupi kotala chabe. Kuwonjezera apo pali ndalama zotsatsira filimuyo, zomwe sizikhala mu bajeti imene atolankhani amauzidwa. Ngakhale mabuku a kampani amanena zimene mwiniwake akufuna. Mu 2010 panatulukira chikalata chosonyeza kuti Harry Potter and the Order of the Phoenix, filimu imene inalowetsa madola oposa 900 miliyoni, inalembedwa kuti yaluza madola 167 miliyoni. Aliyense amene anasainira kuti adzalandirako gawo la phindu amadziwa kuwawa kwa kalembedwe kameneka.

Tsopano ndifike pa chimene chandichititsa kulemba kalatayi. Mafilimu 7 a kampani ya Disney otuluka mu 2019 anapitirira madola 1 biliyoni iliyonse, ndipo onsewo anali opitiriza nkhani yodziwika kale kapena obwereza filimu yakale. Munthu akaona zimenezi amafulumira kunena kuti basi, ndizo anthu akufuna. Koma taonani mmene zimayendera. Filimu ngati Endgame imatsegulidwa m'nyumba zoonetsera zoposa 4,000 ku America kokha tsiku limodzi, imapatsidwa maholo aakulu, masiku abwino a chaka, ndipo chithunzi chake chimakhala paliponse kwa miyezi. Filimu ya nkhani yatsopano imapatsidwa kaholo kapangodya kwa sabata ziwiri. Kenako akatswiri amawerenga n'kupeza kuti yaikulu ija yapambana, ndiye chaka chamawa ndalama zonse zimapitanso ku mtundu womwewo. Mukaika chakudya cha mtundu umodzi patebulo, alendo n'kudya, simunganene kuti mwafufuza zimene amakonda. Manambala amangodziwa mafilimu amene anapangidwa. Nkhani imene inakanidwa muofesi, chifukwa choti palibe yofanana nayo yomwe inapangapo ndalama, ilibe mzere patchati chilichonse, ndipo sitidzadziwa kuti ikanadzaza maholo angati.

Nthawi zina wina amalimba mtima, ndipo apo ndi pamene timaona zimene zinabisika. Kwa zaka zambiri ku Hollywood ankanena kuti filimu ya anthu akuda okhaokha singagulitse kunja kwa America. Black Panther mu 2018 inalowetsa madola oposa 1.3 biliyoni, pafupifupi theka likuchokera kunja komweko. Get Out ya Jordan Peele inapangidwa ndi madola 4.5 miliyoni mu 2017 n'kulowetsa oposa 250 miliyoni. Ankati Aamerika sawerenga mawu olembedwa pansi pa chithunzi, koma Parasite ya Bong Joon-ho, ya m'Chikoreya, inatenga mphoto ya Oscar ya filimu yopambana zonse mu February 2020. Ankati anthu sangakhale maola atatu kumvera asayansi akukambirana, Oppenheimer mu 2023 inapitirira madola 900 miliyoni. Ndipo mu 2025 katuni ya ku China, Ne Zha 2, inadutsa madola 2 biliyoni, pafupifupi zonse kuchokera kwawo komweko. Ine imandikhudza kwambiri ndi The Shawshank Redemption. Itatuluka mu 1994 inalephera kubweza ngakhale madola 25 miliyoni amene anaipangira. Anthu anadzaipeza pambuyo pake pa makaseti ndi pa wailesi yakanema, n'kumauzana, mpaka inakhala zaka zambiri pamwamba pa mndandanda wa mafilimu okondedwa wa pa webusaiti ya IMDb. Amene anawerenga sabata yoyamba anaiika m'gulu la zolephera.

Za kuonera pa intaneti ndiye m'pofunika kusamala koposa, pakuti kumeneko wogulitsa ndi yemwenso amagwira sikelo. Netflix poyamba inkawerenga kuti mwaonera ngati mwafika magawo 70 pa 100 a filimu. Kumayambiriro kwa 2020 inasintha n'kunena kuti mphindi 2 n'zokwanira. Mu 2021 inayamba kulengeza maola oonera, ndipo mu 2023 inasinthanso n'kumagawa maolawo ndi kutalika kwa filimu. Manambala a zaka zimenezi simungawaike pamzere umodzi, koma tchati chanu chachitatu chinawaika. Ndikukumbukira usiku wina nditangoyatsa filimu, mwana analira kuchipinda. Ndinapita kukamunyamula, ndinakhala naye mpaka anagona paphewa panga, ndipo pobwerera ndinapeza filimu yapita kutali, n'kungozimitsa. Makinawo anandilemba kuti ndaonera. Tsiku lina tinadzaza pabalaza anthu 7, tinaonera filimu mpaka kumapeto, tinatsutsana za mathero ake mpaka pakati pa usiku, ndipo tonsefe tinawerengedwa ngati munthu mmodzi.

Nkhani imeneyi imakhudza mimba za anthu. Mu 2023 olemba mafilimu ku America ananyanyala ntchito masiku 148, osewera m'mafilimu masiku 118. Chimodzi mwa zimene ankamenyera chinali choti makampani aziwauza kuchuluka kwa anthu oonera ntchito yawo, kuti malipiro aziyendera zimenezo. Mu December chaka chomwecho Netflix inatulutsa kwa nthawi yoyamba lipoti lalikulu la maola oonera mafilimu ndi masewero ake masauzande.

Musandimve ngati wodana ndi kuwerenga, ndi ntchito imene imandidyetsa. Kuwerenga kwabwino kwaululapo zinthu zimene anthu ankakana. Gulu la ofufuza la pa University of Southern California, lotsogozedwa ndi Stacy L. Smith, lakhala likuwerenga mafilimu 100 opanga ndalama zambiri chaka chilichonse kuyambira a mu 2007. Linapeza kuti kuchokera mu 2007 kufika mu 2019, mwa madairekitala onse a mafilimuwo, amayi sanafike 5 pa 100 alionse. Zitatero, mabwana sanathenso kunena kuti vutolo ndi la m'maganizo mwa odandaula. Kafukufukuyu ndimamukhulupirira chifukwa amanena poyera mafilimu amene anawerenga ndi njira imene anatsata, moti ine kapena inu tingakhale pansi n'kubwerezanso.

Pempho langa ndi ili, a Mkonzi. Mukadzalembanso za mafilimu, pambali pa madola mudzaike chiwerengero cha matikiti. Mudzatiuze kuti filimu iliyonse inaonetsedwa m'maholo angati komanso kwa sabata zingati. Manambala akachokera ku kampani imene ikugulitsa filimuyo, mudzanene momveka, ndi kutifotokozera kuti kwa iwo kuonera kumatanthauza mphindi zingati. Ngati danga lilipo, ndili wokonzeka kutumiza pepala langa lija la matikiti a 2002 ndi 2019 kuti wolemba wanu aliyang'ane, mwina ndi kundikonza pamene ndaphonya.

Ine wanu,
Wowerenga nyuzipepala yanu mokhulupirika